Kope la Ana Obwezedwa

Nkhani ya timabotolo inalowa m'komiti kanayi m'zaka ziwiri, ndipo kanayi konseko inatuluka momwe inalowera. Komitiyo inali ya madokotala ndi akatswiri khumi ndi awiri amene ankalangiza boma pa za katemera: uti abwere m'dziko, aperekedwe kwa yani, pa msinkhu wanji. Ankakumana kanayi pachaka m'chipinda cham'mwamba, momwe munali tebulo lalitali ndi fani imodzi yozungulira monyinyirika ngati yachita kukakamizidwa. Mlembi wa komitiyo, mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, ndiye ankasonkhanitsa umboni, kuuyala m'mapepala, kenako n'kulemba zimene akuluakuluwo agwirizana. Pa nkhani iyi zogwirizanazo zinali mzere umodzi womwewo: yaimitsidwa kufikira papezeke umboni wokwanira. Mlembi anali atasiya kuulemba mzerewo, ankangoukopera kuchokera m'lipoti lapitalo.

Nkhani yake sinali yozunguza mutu. Katemera wa chikuku ankabwera m'botolo la ana khumi. Ukalitsegula n'kusakaniza, uli ndi maola asanu ndi limodzi basi. Akatha maolawo, katemera wotsala ndi wotaya. Kunja kuno kunalinso timabotolo ta ana asanu, ndipo funso linali loti dziko lisinthe kapena likhale momwemo. Mkulu wa nyumba yosungira mankhwala, bambo wa mawu aakulu amene anzawo ankawatchula a Firiji, ankakanitsitsa. Timabotolo timadya malo m'mafiriji, ankatero, ndiponso tikukonza chiyani pamene zipatala zathu sizitaya katemera n'komwe? Mapepala ankawaikira kumbuyo. Chokhacho n'chakuti chikuku chinkabukabe chaka ndi chaka, ndipo chikuku sichiwerenga mapepala.

Apulofesa, omwe anali wapampando, ankatseka zokambiranazo ndi mwambi wawo wa masiku onse, woti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlembi anali atadekha mpaka kudekhako kunayamba kumupweteka msana. Ulendo uno panalibenso kodekhera, chifukwa boma limaitanitsa katemera wa zaka ziwiri nthawi imodzi, ndipo langizo la komiti linkafunika kufika ku boma mwezi womwewo usanathe. Komiti ikaimitsanso nkhaniyi, ndiye kuti botolo la ana khumi likhalapo zaka zina ziwiri.

Masana ena, mutu ukuwawa ndi kuwala kwa kompyuta, Mlembi anachita chinthu chimene palibe anali atachiganizira chifukwa chinali chapafupi kwambiri. Anatenga mndandanda wa zipatala zosataya katemera, umene unkachokera kwa a Firiji, n'kuuika pambali pa mndandanda wa madera omwe chikuku chinavuta, umene unkachokera ku ofesi ina ya pansi. Maofesi awiriwa ankamwera tiyi m'chipinda chimodzi, koma mapepala awo anali asanaonanepo. Mayina a pamwamba anali omwewo. Kumene katemera sankatayika, n'kumene ana ankadwala.

Dzina loyamba pa mindandanda yonse iwiri silinali lachilendo kwa iye. Chinali chipatala chaching'ono cha kutali ndi msewu waukulu, ndipo namwino woyang'anira kumeneko anali achemwali ake enieni, a bere limodzi. Mayi awo atamwalira, achemwaliwo ndiwo anamulera, kumusambitsa, kumuperekeza ku sukulu, mpaka iwo anachedwa kukwatiwa chifukwa cha iye. Ankamuitana kuti Mzime poti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Anali atatsala ndi miyezi isanu ndi itatu kuti apume pa ntchito, ndipo pakhoma la chipatala chawo panali masatifiketi atatu owayamikira kuti ndi akatswiri osataya katemera, onse osainidwa ndi a Firiji.

Mlembi anakwera basi Lolemba, popeza Lachiwiri ndilo linali tsiku la sikelo kumeneko. M'mawa mwake anakhala kumapeto kwa benchi pakhonde la chipatala, chikwama pamiyendo, ngati mlendo wodikira wodwala. Sikelo inali lende pa mtanda wa denga, ana akulira mmodzimmodzi akamalowetsedwa m'kabudula wake. Achemwali ake anali atanenepa, akuyenda motsimphina pang'ono chifukwa cha maondo, koma dzanja lawo pa jakisoni linali lopepuka moti mwana ankayamba kulira singano itatuluka kale. Akatemera ena onse anaperekedwa bwinobwino. Amayi obwerera wa chikuku anauzidwa kuti akhale pa benchi lawolawo.

Namwinoyo ankati akabaya ana angapo, n'kutembenuka kuwerenga benchilo ndi chala. Asanu. Kenako asanu ndi mmodzi. Anayang'ana kunjira, anayang'ana wotchi. Itakwana leveni koloko kunatulukira mayi wina thukuta lili kamukamu, ndipo anakwana asanu ndi awiri.

"Amayi a chikuku," anatero namwinoyo, "lero simunakwane. Mubwere Lachiwiri linalo."

"Anamwino, ine ulendo uno ndi wachiwiri," anadandaula mayi wa thukuta uja. "Ndanyamuka kusanache, ndasiya munda uli pakati. Mwanayu mungomubaya basi."

"Ndikumva, mayi, koma botolo silitsegulidwa chonchi. Mukapezeko anzanu atatu kumudzi mubwere nawo."

Palibe anakangana nawo. Amayiwo anamanga ana kumbuyo mwakachetechete, ngati anthu ozolowera. Koma asanachoke, namwinoyo anatulutsa kope la chikuto chobiriwira m'thumba la yunifolomu, n'kulemba dzina la mwana aliyense, dzina la mayi ake, mudzi ndi tsiku. Analemba mosathamanga, akufunsa kalembedwe ka mayina ovuta.

Anthu atatha, awiriwo analowa m'kachipinda ka firiji, momwe munali mipando iwiri ndi makatoni a magolovesi.

"Achemwali," anayamba Mlembi, "buku la malamulo limati muzitsegula ngakhale mwana akhale mmodzi."

"Lamulo liti, Mzime? La m'buku kapena lobwera pa galimoto?" Anavula nsapato imodzi n'kuyamba kusisita bondo. "La m'buku ndinaliona kamodzi ku maphunziro. Koma galimoto ya otiyang'anira imabwera miyezi itatu iliyonse, amakhuthula katoni ya mabotolo otha pansi apa, n'kumawerenga ngati ndaba. Chaka changa choyamba pano ndinkatsegulira ana atatu, ana anayi. Dzina langa linawerengedwa pamsonkhano wa anamwino onse kuti ndine wosakaza. Ananditumizira mabotolo ochepa kuti ndiphunzire, katemera anatha mwezi uli pakati, ndinabweza ana makumi atatu tsiku limodzi. Ndiye ndinaphunziradi. Sukuona pakhomapo?"

"Nanga kopelo ndi la chiyani?"

"Ndi langa. Si la boma." Anazengereza, kenako anamupatsa. "Ndinkati ndiziwatsatira. Loweruka ndinkakwera njinga kukawakumbutsa, mpaka maondo anakana."

Mlembi anatsegula. Munali zaka zitatu, m'zilembo zozungulira zomwe zija zinkamulembera dzina pa makope ake a ku pulayimale. Mwana akabweranso n'kubayidwa, achemwali ankachonga pambali pa dzina lake. Anawerenga tsamba ndi tsamba, poti kuwerenga ndiyo inali ntchito yake. Ana obwezedwa analipo 214. Osachongedwa, amene sanabwerenso, analipo 79. Pa mayina asanu panali kamtanda kakang'ono.

"Awa?"

"Ukufunsanso?"

Mlembi anatseka kopelo, ndipo anamva chisoni ndi manyazi nthawi imodzi, chifukwa mbali ina ya mtima wake inali itadumpha ndi chimwemwe. Umboni umene akuluakulu anaufuna zaka ziwiri unali pamiyendo pake, wa mayina, masiku ndi midzi. Kaundula wa boma amalemba mwana amene wabayidwa. Wobwezedwa salembedwa paliponse, ndiye chifukwa chake m'mapepala onse a dziko munalibe mwana ngakhale mmodzi wobwezedwa. Koma kope lomwelo linalinso umboni woti namwino wina anaphwanya lamulo la m'buku pa ana oposa mazana awiri, n'kulemba yekha ndi dzanja lake. Khoswe anali atakhala pamkhate.

"Ukulifuna," anatero achemwali.

"Sindinanene kanthu."

"Ndinakusambitsa ine. Nkhope yako ukafuna chinthu ndimaidziwa, mlomo wam'munsi umagwa."

"Ndifufuta mayina onse, achemwali. Chipatala sindichitchula. Palibe adzadziwe."

Achemwali anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Iwe ndi anzakowo mumadziwa nambala ya mabotolo anga otha, ndiye mulephere kudziwa dzanja langa? Tenga. Limandilemera m'thumba. Ndikangoti ndilitaye, ndimaona ngati ndikuwabwezanso kachiwiri."

Mlembi anabwerera ku tawuni ndi kopelo. Sabata yonse anaithera akujambula masamba pa makina, n'kumadetsa dzina lililonse ndi cholembera chakuda mpaka zala zinada. Anaimbira foni anamwino ena khumi a m'zipatala za pamwamba pa mndandanda uja. Onse anavomera kuti amachita zomwezo, ndipo onse anamaliza ndi mawu amodzi: koma musanditchule. Kope analibe. Munthu wanzeru salemba zotere, anatero mmodzi.

Tsiku la msonkhano fani ija inali itafa, mawindo ali otsegula, phokoso la maminibasi likulowa. Nkhani ya timabotolo inali yachisanu ndi chimodzi, itatha nthawi ya chakudya, pamene maso a akatswiri amakhala atayamba kulemera. Mlembi anagawa mapepala, anaonetsa mindandanda iwiri ija, kenako masamba a kope. Analankhula mphindi khumi ndi ziwiri. Atafika pa timitanda tisanu, dokotala wa ana, mayi wa imvi amene sankalankhulalankhula, anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri, palibe ankayang'ana foni.

A Firiji anatsokomola. "Apampando, zomvetsa chisoni ndithu. Koma ichi n'chiyani? Kope la mwana wa sukulu, mayina odetsedwa, chipatala chosadziwika. Inenso mutandipatsa kope ndi bolopeni ndikhoza kukubweretserani lotere mawa. Tisinthe katemera wa dziko lonse chifukwa cha mapepala opanda mwini?"

Apulofesa anapukusa mutu pang'onopang'ono, osati mokana koma motopa. Sanali munthu woipa. Anali munthu wa malamulo, zimene nthawi zina zimapweteka mofanana.

"Mlembi, lamulo lathu mukulidziwa, poti munalilemba ndinu. Umboni wosadziwika kumene wachokera sitiulandira."

Analilembadi yekha, zaka zisanu zapitazo, munthu wina wogulitsa mankhwala atabweretsa mapepala okoma opanda gwero n'kutsala pang'ono kupusitsa komiti yonse. Linali lamulo labwino, ndipo tsiku limene analilemba ananyadira nalo.

"Mukatiuza chipatala," anapitiriza Apulofesa, "tikhoza kuyerekeza kopeli ndi kaundula wa kumeneko amene tili naye m'kompyuta, ndipo likagwirizana tililandira lero lomwe. Mukapanda kutero, ndilibe kuchitira mwina. Tiimitsa."

Mlembi anayang'ana pepala lake la zokambirana. Mzere wakale uja unali kale pamenepo. Anali ataukopera m'mawa mwachizolowezi, dzanja lisanafunse mutu. Kungokhala chete kunali kokwanira. Akanatseka chikwama, achemwali akanapuma pa ntchito ndi ulemu wawo, anthu akanavina pa phwando lotsanzikana, ndipo chibale chikanakhala chili gwa. Kenako anaganiza za mayi wa thukuta uja akumanga mwana kumbuyo, ndi zaka ziwiri za Lachiwiri m'zipatala mazanamazana. Anali wotopa kwambiri moti analibenso mphamvu zodzinamiza.

Anatchula dzina la chipatala.

A Firiji anaphethira. Dzinalo ankalidziwa bwino, anali atalisaina katatu.

"Palinso china, apampando," anatero Mlembi. "Namwino wa kumeneko ndi achemwali anga."

Apulofesa anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukudziwanso lamulo linalo, mwanangu. Wokhudzidwa ndi nkhani sakhala m'chipinda."

Anasiya kope lenilenilo patebulo n'kutuluka. Pakhonde panali mipando itatu ya pulasitiki ndi tebulo la makapu akuda a tiyi. Anakhala pamenepo mphindi makumi anayi, akumva mawu a a Firiji akukwera ndi kutsika kuseri kwa chitseko, osamva chimene akunena. Anayesa kupemphera koma sanadziwe choti apemphe. Anayamba kusanja makapu aja, aakulu paokha, aang'ono paokha, mpaka chitseko chinatseguka.

"Lowani mudzalembe," anatero dokotala wa ana, osamuyang'ana m'maso.

Apulofesa anawerenga zogwirizana, Mlembi akulemba. Choyamba: komiti yaona kuti masiku a m'kope ndi mayina a ana ochongedwa akugwirizana ndi a m'kaundula, yalandira umboniwo, ndipo ikulangiza boma kuti lisinthe n'kuyamba kuitanitsa timabotolo ta ana asanu. Mlembi analemba, ndipo chimwemwe chimene anachidikira zaka ziwiri sichinabwere, chifukwa Apulofesa anali asanaike pepala pansi.

Chachiwiri: popeza komiti yaona umboni woti lamulo lotsegula botolo linaphwanyidwa, ndipo ana ena anamwalira, singakhale ngati sinaone, nkhani ya namwinoyo itumizidwe kwa oyang'anira khalidwe la anamwino. Mfundo imeneyi anaipereka ndi a Firiji.

"Ndinafunsa za amene ankapereka masatifiketi," anatero dokotala wa ana mokweza, kuti Mlembi amve. "Ndinafunsanso za galimoto zowerenga mabotolo."

"Zimenezo sizili pa mndandanda wa zokambirana za lero, dokotala," anayankha Apulofesa. "Tidzaziika ulendo wamawa."

A Firiji anali atasamba m'manja, ndipo madzi ake anagwera munthu amene sanali m'chipindamo. Mlembi analemba chachiwiricho mawu ndi mawu, anaika mpumiro pomwe pafunika, anawerengera komiti kuti itsimikize, ndipo onse anati zalembedwa bwino. Potuluka ena anamugwira dzanja kumuyamikira chifukwa cha ntchito yapamwamba.

Langizo la timabotolo linayenda pang'onopang'ono monga mwa mapepala onse abwino, ofesi ndi ofesi, kudikira siginecha ya nduna. Kalata ya namwino inayenda ngati ili ndi miyendo. Pasanathe milungu itatu achemwali anaimitsidwa ntchito poyembekezera kufufuza, n'kuuzidwa kuti atuluke m'nyumba ya chipatala mwezi ukatha. Sanaimbe foni. Mlembi anamva kwa mlamu wake, amene analankhula mawu anayi okha n'kudula.

Anapempha tchuthi cha masiku awiri, anawatumizira uthenga woti akubwera, n'kukweranso basi ija. Anafika Lachiwiri m'mawa. Nyumba ya achemwali inali kuseri kwa chipatala, ndipo anawapeza atakhala pamkeka pabalaza, atavala diresi yakunyumba, akukulunga mbale m'manyuzipepala n'kumaziika m'katoni. Makatani anali atachotsedwa kale. Mlembi anaima pakhomo.

"Lowa, Mzime, usaime ngati wobwereka moto. Ndipatse nyuzipepala iyo."

Anagwada pambali pawo n'kuyamba kuthandiza. Atakulunga mbale zitatu anati:

"Ndinakutchulani ndine, achemwali. Sanachite kundikakamiza. Akanaimitsa nkhaniyo, ine n'kukhala chete, koma ndinatchula."

"Ndikudziwa."

"Mundikhululukire."

"Usandipemphe zimenezo lero. Mwina mwezi wamawa." Anakanikiza mbale m'katoni. "Ndakwiya, sindikubisira. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndiye ndituluke ngati wakuba, amayi a m'midzimu akuloza. Mlamu wako sakufuna n'kumva dzina lako lomwe. Koma kope ndinakupatsa ndekha, ndipo sindinali mwana. Tandiuza, timabotolo tako tibwera liti?"

"Nduna ikasaina, aitanitsa. Kuti tifike kuno, mwina chakumapeto kwa chaka chamawa."

"Chaka chamawa." Achemwali anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtunda wa ulendo umene sadzayenda nawo. "Nanga galimoto ija asiya kuitumiza?"

"Zimenezo akuti adzakambirana ulendo wina."

"Ehe."

Panja mwana analira pa sikelo, wina n'kulandira. Achemwali anatchera khutu mosadziwa, dzanja lili m'malere ndi mbale, kenako anapitiriza kukulunga.

"Anditumizira namwino wina wogwirizira," anatero. "Wabwera kuno m'mawa uno, maso ali psuu. Akuti amayi, pa benchi la chikuku pali ana anayi, ndichite bwanji? Ndikatsegula, a galimoto adzandiwerenga pamsonkhano, mwezi usanathe katemera adzandithera. Ndikabweza, ndilandira kalata ngati yanuyi."

"Mwamuuza chiyani?"

"Ine ndimuuze chiyani? Ndine woimitsidwa, sindiloledwa n'kuponda pakhonde paja. Ndamuuza kuti adikire, mng'ono wanga akubwera pa basi ya m'mawa, iyeyo ndiye amakhala kumene amapanga malamulo."

Mlembi anadzuka n'kuyang'ana pawindo lopanda katani. Pakhonde la chipatala, pa benchi lapadera lija, panali amayi anayi ndi ana pamiyendo. Namwino wachilendoyo anali ataima pakhomo la kachipinda ka firiji, manja ali m'matumba, akuyang'ana kunyumba kuno.

"Achemwali, ine ndine mlembi chabe. Ndilibe mphamvu youza namwino chochita."

"Nanenso ndinalibe," anatero achemwali, akutenga mbale ina. "Pita msanga. Ikakwana leveni amayamba kumanga ana kumbuyo."